Masamu a Chibowo cha pa Fensi

Anzanga amene ndinaphunzira nawo masamu ku yunivesite akafunsidwa chimene chinawalimbitsa mtima, ena amati ankafuna ntchito yabwino, ena amati manambala ankawakonda chibadwire. Ine chinandilimbitsa mtima ndi chidani. Kalikulasi ya mavekita ndinaimvetsa chifukwa chodana ndi munthu mmodzi, mkulu wa mpingo, wokhala kuseri kwa nyumba yathu ku Chinsapo. Mpaka lero ndikaona chizindikiro cha intigireshoni, chija chonga njoka yoimirira, ndimaona iye. Njokazo zikakhala ziwiri ndimaona iye ndi jekete lake. Zonse zimene ndilembe panozi ndi zoona. Ndine mphunzitsi, ndipo bodza ndimalisungira malipoti a ana a sukulu.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale, digiri ndikuichita ya patchuthi, ija yoti ana akatsekera ife aphunzitsi ndiye timatsegulira. Ndinkakhala ndi amayi anga, awiriwiri, m'nyumba imene malemu bambo anamanga ndi njerwa zootcha koma zomatira dothi. Simenti ankati adzaika mtsogolo. Mtsogolomo sanafikemo.

Malo athu ndi otsetsereka pang'ono, ndipo kumtunda kwathu kunali banja lina lochokera kumpoto, a tchalitchi chimodzi ndi ife. Amayi a pakhomopo anali munthu wabwino moti ngakhale agalu oluma ankawagwedezera mchira. Amuna awo ndiwo mwini nkhani ino. Ndiziwatchula kuti abambo a kumtunda monga tinkawatchulira kwathu. Anagwirapo ntchito ku kampani ina yokonza misewu, ndipo ngakhale ntchito yawo inali yolemba mayina a anthu ofika mochedwa, anachokako akukhulupirira kuti dothi, miyala ndi madzi anazilenga iwo mothandizana ndi Mulungu.

Atapuma pa ntchito anakulitsa denga, anamanga fensi ya njerwa, ndipo bwalo lonse analiyala tinjerwa ta simenti tija tolumana, osasiya ngakhale pogwera njere ya mpiru. Nthaka imene kale inkamwa mvula inatsekedwa pakamwa. Kenako m'munsi mwa fensi, mbali yoyang'ana kwathu, anasiya chibowo cha njerwa ziwiri. Chibowocho chinaloza ndendende chipupa cha kuchipinda kwa amayi ngati mfuti.

Mvula yoyamba itagwa, madzi a denga lonse ndi bwalo lonse anatulukira pamenepo ndi mphamvu moti ananyamula nkhuku yathu kuchokera pa fensi mpaka pa chimbudzi, ili chiimirire, osaponda pansi. Ndinaiona ndi maso angawa. Madziwo ankamenya m'munsi mwa chipupa, dothi la pakati pa njerwa n'kumasungunuka ngati shuga mu tiyi. Pofika Januwale panali mng'alu woti mphepo inkadutsa, ndipo amayi anasuntha bedi kuliika pakati pa chipinda. Amene anakhalapo ku Chinsapo kapena ku Mgona amadziwa mathero a nyumba zotere. Sizichenjeza, zimangogwada.

Chaka chomwecho ndinalephera phunziro la intigireshoni ya njoka zingapo ndi mavekita. Ndinalilephera bwinobwino, mosasiya chikayiko, moti alekichala polemba malikisi anga sanawononge inki. Anandipatsa sapu, kutanthauza mwayi wolembanso kamodzi mu Epulo. Nkhaniyi ikanathera m'nyumba, koma amayi anga amakhulupirira kuti vuto lobisa Mulungu salimva bwino. Lachinayi lililonse masana anthu a tchalitchi chathu a m'deralo amakumana pakhomo pa mmodzi, mosinthana, ndipo pamakhala nthawi yotula zofuna mapemphero. Wina anati amuna ake akuvutika ndi shuga. Wina anati mwana wake akufuna ntchito. Amayi anaimirira, nakonza mpango, nati, "Mwana wangayu walephera masamu ku yunivesite. Akuti akalembenso."

Ine ndili pompo pamphasa.

Wopatsidwa kupemphera anali abambo a kumtunda. Wa shuga anamupempherera mzere umodzi, wa ntchito mzere umodzi. Pa ine ndiye anakhazikika. "Atate, mitu munaigawa mosiyana. Ina munaipatsa masamu, ina munaipatsa kusenza ndowa, ndipo yonse ndi yanu. Ngati mwana uyu anasenza katundu woposa khosi lake, mutuleni, Atate, mumuonetse ntchito ya manja." Anapitiriza mpaka mbatata za mwininyumba zinazizira. Anthu onse anati ameni. Ine ndinangotsegula pakamwa n'kutsekanso.

Loweruka lotsatira ine ndi amayi tinapita kukadandaula za chibowo. Tinawapeza pakhonde akumvera wailesi. Amayi anakhala pansi mwaulemu nati, "Abambo, tabwera ndi kadandaulo. Madzi aja akutigwetsera nyumba."

"Amama, madziwo ndi anga? Ndinawagula kuti? Mvula imachokera kumwamba, ikatera imafuna kotsika. Inu munamanga kotsika. Ndiye ndiwaletse bwanji, ndiwalembere kalata?"

Ine ndinati, "Kale ankatulukira kugeti kwanu n'kukalowa m'ngalande ya mumsewu."

Anandiyang'ana ngati mpando wayankhula. "Aphunzitsi, zinthu izi zimafuna masamu. Pali malevulo, pali kutsetsereka kwa malo. Inu za masamu tazisiyani kaye, tikukupemphererani."

Pobwerera amayi anandigwira mkono. "Usayankhe. Ndi mkulu wa mpingo."

Sindinayankhe. Ndinakafukula mabuku m'katoni.

Ndifotokoze masamu amenewa mmene ndinadzawamvera, poti ulendo woyamba sindinawamve konse. Intigireshoni wamba ndi kuwonkhetsa tizidutswa tambirimbiri ta mzere umodzi. Ya njoka ziwiri ndi kuwonkhetsa tizidutswa ta bwalo lonse. Umaligawa bwalolo m'timabokosi, pa kabokosi kalikonse n'kufunsa kuti pano m'pakuya bwanji, kenako n'kuphatikiza zonse, ndipo chotuluka ndi kuchuluka kwa chimene chadzaza pamenepo. Vekita ndi muvi, umanena kolowera ndi mphamvu yake. Pali muvi wina wotchedwa giradiyenti umene paliponse umaloza kokwera kwambiri, ndipo madzi, poti ndi aulesi, amalowera kumene muviwo wapereka nkhongo. Ndiye pali lamulo lina lalitali, lodzaza bolodi lonse, limene ukalivula jekete limangonena kuti zimene zalowa mumpanda, ngati sizinatuluke, zili momwemo.

Alekichala athu anali bambo wamfupi amene ankalemba mothamanga ngati choko chikuwaotcha, ndipo tsiku lililonse ankanena mawu amodzimodzi: "Jambulani kaye malowo. Musanalembe njoka, jambulani." Ine sindinkajambula. Ndinkangoloweza mafomula ngati ndime za pamtima za ku Sande sukulu. M'mayeso ndinaika malire a pamwamba pansi, a pansi pamwamba, n'kupeza kuti thanki ina inali ndi madzi ochepera ziro, thanki yoti ukathiramo ndowa zitatu ndiye yangofika pouma. Ndinalemba yankholo n'kulitsekera mzere kunsi.

Tsopano malo oti ndijambule ndinali nawo. Vuto linali lakuti anali mkati mwa fensi ya mdani.

Mwayi unabwera wokha, poti patapita milungu iwiri mapemphero a Lachinayi anagwera pakhomo pawo. Mapemphero akatha mwininyumba amatulutsa tiyi ndi mbatata, ndipo pamafunika wozungulira ndi jagi ndi beseni kusambitsa anthu m'manja. Ntchito imeneyi ine ndinali nditaisiya kalekale, koma tsiku limenelo ndinaithamangira moti amayi ena ananong'ona kuti pemphero lija layamba kugwira.

Beseni likangonyowa pansi, ndinkakataya. Ndinataya pafupi ndi geti n'kuima kuona kumene madziwo alowera. Ndinataya pakona ya khonde. Ndinataya pakati pa bwalo, pafupi ndi mpopi, kuseri kwa khitchini. Kutaya kulikonse kunali muvi umodzi. Kuti madzi otaya asandithere, ena ndinawasambitsa kawiri, ndipo agogo ena atafika kachitatu anayang'ana m'manja mwawo nandifunsa ngati ndaonamo chinachake. Tinjerwa ta pabwalo tinandithandiza poti tonse n'tofanana, ndiye ndinkangowerenga kuti kuchokera pa chibowo kufika pa geti ndi tingati, kuchokera pa khonde kufika pa mpopi ndi tingati, n'kumalemba pa kapepala kamene ndinabisa m'buku la nyimbo. Pomaliza ndinagwada kusambitsa abambo a kumtunda enieniwo, amene anakhala pakhomo la nyumba yawo. Dzanja lina likuthira madzi, lina linkayeza kutalika kwa sitepe ndi zala.

"Mwaona," iwo anauza anzawo, "ntchito ya manja ikumukhala."

"Zikomo, abambo," ndinatero. Zala zisanu ndi chimodzi.

Mivi inandiuza kolowera madzi, koma ndinafunanso kudziwa kuti pageti m'pokwera bwanji kuposa pa chibowo. Apa ndinabwereka nzeru za amisiri omanga nyumba, pamodzi ndi paipi yawo yaitali yoonekera mkati. Ukaidzaza madzi, madzi a mbali ziwirizo amaima pa levulo imodzi ngakhale paipiyo itazungulira bwanji. Chibowo ndinkachifikira ndili kwathu, geti ndinkalifikira ndili mumsewu, choncho mwa munthu sindinalowemo. Tinachita izi Loweruka lina banja lonselo litapita ku ukwati ku Area 25. Amayi anagwira mbali ya ku chibowo, akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba nkhuku.

"Ukuti izi ndi za sukulu?"

"Za sukulu, amayi."

"Sukulu yake yofuna anthu achoke kaye?"

Manambala anatuluka motere. Pageti panali pokwera kuposa pa chibowo ndi zala zinayi zokha. Pakhomo la nyumba panali pokwera ndi zala zisanu ndi chimodzi. Ndiye kuti chibowo chitatsekeka, madzi akanadzaza pabwalo kufika zala zinayi, kenako n'kudzitulukira okha kunsi kwa geti kupita m'ngalande ya mumsewu, m'nyumba osalowamo. Ndinalijambula dziwelo papepala lisanabadwe. Ndinaligawa m'timabokosi, ndinaika malire, ulendo uno a pansi pansi, a pamwamba pamwamba. Ndinasinthanitsa njoka, yamkati kuiika kunja, yakunja mkati, kuti ndione ngati yankho lifanane. Linafanana. Linali dziwe la migolo pafupifupi khumi ndi iwiri, lozungulira khonde ngati mkanda. Aka kanali koyamba kuti intigireshoni indikomere. Ndinaseka ndekha mu ofesi ya aphunzitsi mpaka ahedi anandifunsa ngati ndadya.

Kutseka chibowo cha mwini ndi mlandu, koma kumanga pamalo pako si mlandu. Ndinauza amayi kuti ndikufuna bedi la maluwa.

"Maluwa? Iwe amene unapha khonje ndi ludzu?"

"Ndasintha, amayi."

"Ulimanga pati?"

Ndinaloza. Amayi anayang'ana chibowo, anayang'ana ine, anayang'ananso chibowo.

"Iwe mwana, ukalakwitsa masamu akowo madzi n'kulowa m'nyumba ya eni, ine kutchalitchi ndidzalowera khomo liti?"

"Sindilakwitsa."

"Unalakwitsa kale. Dera lonse likudziwa."

"Analiuza ndinu."

Analowa kuchipinda, ndipo ndinawamva akugogoda chipupa chawo ndi chala, chikulira ngati mphika wong'aluka. Atatuluka anati, "Uike njerwa mizere iwiri. Umodzi madzi adzaukankha."

Tinalimanga tokha masana awiri, ndi simenti yokwanira, litatsamira fensi mpaka kukwirira chibowo chonse. Mkati ndinathiramo zigumu za njerwa ndi dothi, pamwamba ndinabzala maluwa enieni, ofiira, kuti pasakhale bodza. Kumbali yawo chibowo chinkaoneka monga kale, chakuda bii, ndipo panalibe amene anawerama kusuzumira. Munthu amene analenga madzi sawerama.

Ndiye mvula inadula. Milungu iwiri yathunthu dzuwa lili phwee, chimanga m'minda chikupota masamba. Dziko lonse linkapempherera mvula, ndipo ine ndinkapemphera nawo mokweza moti anthu ankadabwa, podziwa kuti ndilibe ngakhale mzere umodzi wa chimanga.

Inabwera Lamlungu m'mawa cha m'ma seveni, tsiku limene abambo a kumtunda anali pa ndandanda yolalikira. Zimenezi sindinakonze ine, za nyengo sitinaphunzire. Inagwa mvula ija yoti pa malata simumvana. Ndinatenga ndowa, ndinaivundikira pafupi ndi fensi n'kukwerapo, ambulera kumanja, pepala langa mu jumbo kumanzere. Dziwe linayambira pa chibowo n'kumakula motsata mzere umene ndinajambula, kanjerwa ndi kanjerwa, kukhota pamene ndinakhota. Zaka zonse zimene ndaphunzitsa, palibe mwana amene anandimverapo ngati mmene anandimvera madzi amenewo. Ndinacheuka kuona kwathu. Chipupa cha amayi chinkangonyowa ndi mvula yochokera kumwamba ngati zipupa za anthu ena onse.

Dziwe linafika pageti. Ndinadikira kuti liyambe kutuluka. Silinatuluke.

Linapitirira mzere wanga, n'kuyamba kukwera sitepe. Ndinayang'anitsitsa geti, ndipo pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene ndinachiona tsiku la paipi koma osachilemba. Kunsi kwa getilo abambowo anakhomerako mphira wa tayala kuti anapiye a eni asamalowe. M'mabuku athu malire amakhala mzere woonda wopanda mphira. Masamba ndi majumbo zinakakamira pamphirapo n'kutseka timipata totsala, ndipo lamulo lija linagwira ntchito yake mosakondera: zolowa zinali zambiri, zotuluka panalibe. Zala zisanu. Zisanu ndi chimodzi. Madzi analowa pakhomo, ndipo ndinamva amayi a kumtunda akufuula m'nyumba kuti, "Ufa! Ufa wanga!"

Ndikanatha kuthamanga kukatsegula getilo ndili kunja. Ndinaganiza zotero, ndipo mwendo umodzi ndinautsitsa pa ndowa. Koma nthawi yomweyo abambowo anatulukira pakhomo atavala suti yakuda, tayi, ndi nsapato zopolisha zoti n'kumetera ndevu. Ndinaubwezera mwendowo.

Anaima, nayang'ana nyanja imene inali bwalo lawo. Anayang'ana kumwamba ngati pali amene walakwitsa adiresi. Kenako anavula nsapato ndi masokosi, anapinda thalauzi mpaka m'mawondo, anaika Baibulo ndi nsapato mu jumbo n'kusenza pamutu, nayamba kuwoloka. Miyendo imeneyo sindikhulupirira kuti inaonapo dzuwa chiyambire ufulu wodzilamulira. Atakoka geti, madzi onse anatuluka nawo limodzi ngati ana otuluka m'kalasi, ndipo anthu amene anabisala mvula pakhonde la golosale ya moyang'anana anaona zonse. Wa kabaza wina anafuula kuti, "Adada, ndibweretse bwato?" Ena amati m'dziwemo munapezeka mlamba. Mlambawo ine sindinauone, choncho sindiulemba. Koma abakha awiri a kwa aneba ndinawaona akulowa pageti osaodira.

Ulaliki wa tsiku limenelo unali waufupi kuposa onse amene ndinawamvapo kwa iwo.

Masana amayi a kumtunda anabwera kwathu. Amayi anga atawaona pawindo anayamba kupepesa asanatsegule chitseko. Alendowo anakhala pakhonde, natambasula miyendo, nayang'ana kuseri kumene kunali bedi langa la maluwa.

"Mwana wanga, maluwa ako ndawaona. Akongola."

"Pepani, amayi."

"Thumba lonse lanyowa m'munsi, ndi mkeka wanga watsopano."

"Pepani. Ndinawerengera kuti madzi sadzafika pakhomo. Geti ndi limene ndinaliiwala."

"Ukanandinong'oneza, iwe. Ndikanaukweza pa tebulo ufawo, kenako n'kukhala pawindo kuonerera nawo." Anatembenukira kwa amayi anga. "Amama, chaka chonse ndakhala ndikuwauza bambowa kuti akumbe ngalande ya kugeti, nyumba ya amasiye igwa. Akuti ine za misewu ndinaziphunzira kuti."

Pa zonse zimene ndinachita, ufa umenewo ndi umene umandiwawa. Ndinasenza wathu kukawapatsa, ndipo wonyowawo tinauyanika limodzi masiku atatu.

Abambowo nkhani anakaitula kwa akulu anzawo a mpingo, ndipo Lachitatu anabwera atatu kudzaona, abambo awiri ndi amayi mmodzi. Tinakhala pabwalo pathu. Odandaula anayankhula nthawi yaitali za ulemu, za ana a masiku ano, ndi za suti. Atandipatsa mpata ndinati, "Ine ndabzala maluwa pamalo pa bambo anga."

"Nanga pepala limene ankakuonani nalo pa fensi?" anafunsa mmodzi wa akuluwo, bambo wa imvi amene anaphunzitsapo masamu ku sekondale asanapume.

Ndinakalitenga. Anavala magalasi n'kuyamba kuliwerenga ndi chala, mzere ndi mzere, anthu onse akudikira chigamulo. Anabwereka cholembera. Anawerengera china chake m'mphepete. Patapita nthawi anadzutsa mutu nati, "Malire mwawasintha bwino, aphunzitsi. Koma geti simunaliwerengere."

"Ndavomera, abambo."

"Tabwerera pepala kapena tabwerera mlandu?" anafunsa abambo a kumtunda.

Amayi a mu gulu la akuluwo anaimirira. Anapempha kuti aone chipinda cha amayi anga. Tonse tinalowa. Anayang'ana mng'alu uja kuchokera pansi mpaka pa mtanda wa denga, kenako analowetsamo dzanja mpaka pamfundo, n'kulitulutsa lili ndi matope. Anafunsa amayi anga kuti, "Mumagona muno?" Amayi anavomera ndi mutu. Dzanja la matopelo analionetsa kwa mkulu mnzawo, abambo a kumtunda, ndipo sanalipukute mpaka mlandu unatha.

Chigamulo chinali chakuti abambo a kumtunda atseke chibowo ndi simenti, akumbe ngalande kuchokera pakona yotsikayo mpaka mumsewu, ndipo ine ndipepese. Ndinapepesa ufa ndi mkeka. Suti sindinaipepese, ndipo palibe amene anandikumbutsa.

Chibowo anachitseka mawa lake. Ngalande anakana kulemba munthu, anati wa misewu salembera misewu anthu ena. Anazula mzere wa tinjerwa, anadula kamtengo koyezera, nayamba kukumba ndi piki. Ine masana aliwonse ndikaweruka ndinkakwera pa ndowa yanga ndi buku la mavekita, kukonzekera sapu, ndipo cholakwa chawo ndinachiona tsiku loyamba lomwe. Kamtengo kaja ankakaimika paliponse kuti ngalande ikhale yakuya chimodzimodzi kuyambira pakona mpaka pageti. Koma nthaka yakeyo imakwera polowera kugeti, ndiye ngalande yofanana kuya nayonso inkakwera nayo limodzi. Ankakumbira madzi msewu wokwera phiri.

Ndinatsegula peji lina n'kupitiriza kuwerenga.

Anakumba masana atatu, thukuta lili kamukamu, akupuma atagwira m'chiuno. Tsiku lachitatu anaitana akazi awo kuti adzaone ntchito ya munthu wodziwa. Anatunga ndowa yodzaza n'kukhuthula pakati pa ngalande. Madziwo anaima pang'ono ngati akuganiza, kenako anatembenuka n'kubwerera kukona. Anakhuthulanso ina mwamphamvu, moikankhira kugeti. Inapita pang'ono, nayonso n'kubwerera, n'kudzawanyowetsa mapazi.

Amayi a kumtunda anayang'ana pa fensi. "Aphunzitsi, tabwerani kuno."

"Sindinawaitane," anatero amuna awo.

"Ndawaitana ine. Ufa wina ndilibe."

Ndinazungulira kulowera pageti, ndinaodira bwinobwino, ndinapereka moni wa onse awiri. Ndinawauza kuti pakona asakumbenso, koma kuchokera pamenepo aziwonjezera kuya pang'onopang'ono, kuti pofika pageti ikhale itapitirira ndi zala zisanu ndi zitatu. Ndinakhoma zikhomo, ndinamanga chingwe, n'kuwapatsa mbali imodzi kuti agwire.

"Tsitsani pang'ono, abambo."

Anatsitsa.

"Mwapitirira. Kwezani."

Anakweza.

"Tsitsaninso."

Chingwecho chinali pamalo pake kuyambira ulendo woyamba. Ndinawakwezetsa ndi kuwatsitsitsa kasanu ndi kawiri, iwo atanjuta m'matope, ndipo ndikanafika khumi akazi awo akanapanda kutsokomola.

Sapu ndinakalemba mu Epulo. Funso lililonse ndinayamba ndi kujambula, ngakhale limene silinkafuna chithunzi, ndipo ndinakhoza, osati mowuluka koma moyenda ndi miyendo yanga. Mvula yomaliza ya chaka chimenecho inadutsa m'ngalande yatsopano n'kukagwera mumsewu. Amayi anandituma kukakhudza m'munsi mwa chipupa, ndipo munali mouma. Mwezi wa Juni tinagumula pamene panafooka, tinamanganso ndi simenti, tinapaka pulasitala mbali zonse ziwiri. Nyumbayo ilipo mpaka pano, amayi akugonabe m'chipinda chomwecho.

Iwo amati ndiwakhululukire abambowo poti chipupa chinapulumuka, komanso akalamba, masiku ano amayenda ndi ndodo. Ndinawauza kuti ndiiganizira nkhaniyo. Papita zaka zingapo tsopano, ndipo ndikuiganizirabe.